Kudzutsanso Mitengo Kuchokera ku Zitsa

Ambiri tikafuna mitengo timayamba ndi kulambula malo onse, kenako n'kubzala mbande m'mizere. Mbande zambiri zimafa chilimwe choyamba chifukwa mizu yake imakhala isanafike pa chinyontho. Chikhalirecho zitsa zomwe timazidula chaka ndi chaka zili ndi mizu yozama kale, ndipo zimangofuna mpata. Njira yosamalira mphukira za zitsazi inafala m'dziko la Niger kuyambira m'ma 1980, ndipo yabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Yendani m'mundamo musanalime, muike zizindikiro pa zitsa zophukira za mitengo yomwe mukuifuna. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira zitatu mpaka zisanu, zowongoka ndi zamphamvu, zinazo dulani. Musathamangire kusiya imodzi yokha. Ikathyoka ndi mphepo kapena kudyedwa ndi mbuzi mwataya chaka chathunthu.

Kadulidwe ndiye kofunika kwambiri. Nolani chikwanje kapena mpeni, ndipo dulani nthambi kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mukatema chotsitsa, nthambiyo imang'amba khungwa pogwa, pabalapo n'kulowa chiswe ndi matenda. Chotsani nthambi za m'munsi kufika theka la msinkhu wa mphukirayo basi. Kupitirira apo mtengo umasowa masamba opangira chakudya, umatalika uli wowonda, n'kupindika.

Bwererani pakatha miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, chifukwa chitsa chimatulutsanso mphukira zatsopano zolanda chakudya. Palirani udzu wouma kuzungulira chitsacho moto usanayambe, ndipo nthambi zaminga zomwe mwadula tchingirani nazo chitsacho kuti ziweto zisadye mphukira.