Mmene mungayezetsere TB ndi kumwa mankhwala ake mpaka kumapeto

Achimwene anga anabwerera kuno ku Angónia kuchokera ku Moatize akutsokomola. Ife tinati ndi fumbi la malasha, azakhali anati ndi tsempho. Koma inali TB, chifuwa chachikulu. Tinataya miyezi iwiri, ndipo ndalemba izi kuti inu musaitaye.

Choyamba, werengani masiku. Chifuwa chikafika milungu iwiri osasiya, munthu n'kumatuluka thukuta usiku mpaka zofunda kunyowa, thupi kutentha madzulo, nsima osaifuna, thalauza kuyamba kukhwepa, nyamukani. Musadikire kuona magazi, ambiri satsokomola magazi mpaka matenda atakhwima. Ndipo musayambire kumsika. Ife tinagula makapisozi a mitundu iwiri aja kwa munthu wina woyala pansi, botolo la mankhwala a chifuwa pamwamba, kenako jakisoni wobayira kuseri kwa golosale. Mametikali opitirira 900 anapita, pamene kuyeza ndi mankhwala a TB kuchipatala cha boma n'zaulere. Wina akakuuzani pakhomo kuti mupereke kangachepe kuti zotsatira zifulumire, musapereke.

Chachiwiri, konzani m'nyumba tsiku lomwelo. Azakhali ndinawafotokozera chonchi: chifuwa chachikulu chimayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium tuberculosis, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882. Kamatuluka m'mapapo a wodwala akamatsokomola, kuyetsemula kapena kulankhula, n'kutsala mumpweya kwa maola angapo ngati chipinda chili chotseka. Kuno mu June ndi July timatseka paliponse chifukwa cha chisanu, n'kuunjikana pamoto. Mmenemo ndi mmene kamafalira. Tsegulani mazenera, wodwala azicheza pakhonde, azitseka pakamwa ndi nsalu potsokomola, ana asagone naye chipinda chimodzi. Mbale ndi kapu musamupatulire. Ife tinawapatulira achimwene, tinangowapweteka mtima chabe, TB siyendera m'mbale.

Tsopano pa makhololo, pamene ife tinagwa. Kuchipatala anatipatsa kabotolo n'kutiuza kuti tibwere nako mawa. Achimwene anadzuka, anamwa phala, analavulira mmenemo timalovu toyera ngati thovu, ine n'kuika kabotolo m'jumbo, kumangirira kumbuyo kwa njinga yamoto padzuwa, ndinadzeranso kuchigayo. Zotsatira zinati palibe. Tinasangalala, azakhali anati mwaona, tinabwerera kumizu. Patatha milungu itatu achimwene sankatha kufika ngakhale kudimba.

Ulendo wachiwiri namwino anatifotokozera mofatsa. Kachilomboko kamakhala pansi m'mapapo, m'malovu simupezeka zambiri. Wodwala adzuke m'mamawa, asanadye kanthu, achukuche m'kamwa ndi madzi okha. Atuluke panja, kutali ndi anthu, osati m'chimbudzi kapena m'chipinda. Akoke mpweya wambiri, augwire pang'ono, autulutse pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, kenako atsokomole mwamphamvu kuchokera pansi pa chifuwa. Chofunika ndi cholimba chonanda chija, chachikasu kapena chobiriwirako, chokwana supuni yaing'ono ya tiyi. Zikakanika asakakamize ndi malovu, apume, ayendeyende, ayesenso. Achimwene zinawatengera pafupifupi theka la ola, misozi ili mbwee, ine nditaima patali ndi madzi. Tsekani kabotolo mwamphamvu, onani kuti dzina lalembedwa pabotolo osati pachivindikiro chokha, sambani m'manja, kulungani kabotoloko kasaone dzuwa, pitani nako molunjika.

Funsaninso ngati makhololowo ayezedwe ndi makina oyezera TB otchedwa GeneXpert. Makinawa amagwira ntchito yawo m'maola awiri okha, ndipo amaonetsanso ngati kachilombo sikamva rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB. Zipatala zazing'ono zambiri zimatumiza makhololo kwina, ndiye siyani nambala ya foni yogwira ndipo mufunse tsiku lobwerera. Zikatuluka kuti palibe koma munthu akuwonderawonderabe, bwererani, pemphani kuyezanso kapena kujambula chifuwa. Apa ndi pamene ine ndinalakwira achimwene anga.

Akapezeka ndi TB, avomere kuyezetsanso HIV pompo, chifukwa awiriwa amayendera limodzi kawirikawiri ndipo onse ali ndi mankhwala.

Mankhwala a TB wamba ndi a miyezi 6. Miyezi iwiri yoyamba ndi anayi ophatikizidwa, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, miyezi inayi yotsalayo awiri oyambawo. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera sikelo. Mkodzo ukafiira ngati Fanta musaope, ndi rifampicin. Koma maso akachita chikasu, kusanza osaleka kapena kuona mwachimbuuzi, thamangani kuchipatala. Kachasu ndi fodya ayi. Pakhale munthu mmodzi woonerera akumeza tsiku lililonse n'kuchonga pakhadi. Kwathu ndinali ine, 6 koloko m'mawa. Pakatha mwezi wodwala amanenepa n'kumati ndachira, achimwene anafuna kubwerera kuntchito n'kusiya. Kusiyira panjira n'kumene kumabala TB yosamva mankhwala, ya mapiritsi ambiri ndi miyezi yochuluka. Ngati ulendo ndi wosapeweka, pemphani kalata yosamutsira ku chipatala chakomweko.

Onse a m'nyumba akapimidwe, makamaka ana osafika zaka 5 ndi amene ali ndi HIV, pali mankhwala oteteza. Chipsera cha katemera wa TB, wotchedwa BCG, paphewa sichitanthauza kuti mwana sangadwale. Makhololo amayezanso miyezi iwiri ikatha ndi kumapeto, ndipo khadi musataye.