Vanishi ndi thinner m'nyumba: moto umayenda chokwawa pansi

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika kuno ku Salima, anthu ambiri amafuna kupakanso mipando, zitseko ndi makabati mvula isanagwe, ndipo akalipentala a pa Kamuzu Road ngakhalenso eni mabwato ku Senga Bay amakhala ali kalikiliki ndi zitini za vanishi, penti wa mafuta ndi thinner, mankhwala osungunulira penti aja. Chimene chimandidetsa nkhawa ndikamayendera ntchito zoterezi n'chakuti ambiri amangosamala zamadzimadzi zimene zili m'chitini, pamene choopsa chenicheni ndi mpweya wosaoneka umene umatuluka m'menemo.

Mpweya wa thinner ndi wolemera kuposa umene timapumawu, choncho sukwera kudenga ngati utsi. Umatsika n'kumakwawa pansi, kudutsa kunsi kwa chitseko mpaka kukafika pakhonde pamene mayi asonkha mbaula, ndipo ukangokhudza khala lamoto, malawi amabwerera m'njira yomweyo mpaka kukapeza chitini ndi munthu amene wagwira bulashi. Chipinda chikakhala chotseka, mpweya wonse umayaka nthawi imodzi, ndipo kumeneko ndiko kuphulika kumene kumaswa magalasi. Mankhwala a toluene, amene amapezeka mu thinner wambiri, amatulutsa mpweya wotha kuyaka ngakhale pa madigiri 4 okha, pamene petulo amatero ngakhale kutazizira madigiri 40 kunsi kwa ziro. Ndiye taganizirani zimene zimachitika m'nyumba ya malata masana a Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Ndikumvetsa chifukwa chimene anthu amatsekera mawindo. Mphepo ikadzutsa fumbi, fumbilo limamatirira pa vanishi wosauma, ndipo tebulo limene mwalikwecha tsiku lonse limatuluka lokhakhala. Koma njira yake si kudzitsekera m'chipinda ayi. Tulutsani katunduyo mukapakire pamthunzi m'mamawa mphepo isanadzuke, mutawaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Ngati ndi chitseko kapena kabati yomangirira kukhoma, tsegulani mawindo ndi zitseko za mbali zonse ziwiri kuti mpweya uzidutsa, ndipo muuze onse a pakhomopo kuti mbaula, koloboyi, kandulo, ndudu ndi koyilo wa udzudzu zisayatsidwe pafupi mpaka fungo litatheratu. Koyiloyu ndikumutchula mwadala, chifukwa kunyanja kuno amayatsidwa madzulo aliwonse ndipo amaikidwa pansi penipeni pamene mpweyawo umasonkhana.

Magetsi nawonso amafuna chisamaliro. M'kati mwa switchi mumathetheka moto pang'ono poyatsa ndi pozimitsa, kotero fungo likakhala lamphamvu musaigwire. Magetsi akazima ntchito ili m'kati, tsekani chitini ndipo mutuluke, osati kuyatsa machesi kuti mumalizitse.

Chonde, lekani kusungunulira penti ndi petulo pofuna kupulumutsa ndalama za thinner.

Nsanza zimene mwapukutira mafuta opaka matabwa a linseed kapena vanishi wa mafuta zimatha kuyaka zokha popanda wina kuziyatsa, chifukwa mafutawo akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zikaunjikidwa pakona kutenthako kumasowa kothawira. Moto wotere umabuka usiku anthu atagona. Ziyanikeni panja imodziimodzi mpaka ziume gwa, kapena muzinyike m'chitini cha madzi chokhala ndi chivindikiro. Chitini kapena mgolo umene munali thinner usadulidwe ndi makina, usawotchereredwe, ndiponso usaponyedwe padzala loyaka, chifukwa ngakhale ukuoneka wopanda kanthu, mpweya uja ulimobe. Zotsala musazisunge m'botolo la zakumwa, pakuti mwana angamwe.

Musanatsegule chitini, ikani pafupi ndowa yodzaza mchenga, umene kuno sitiusowa. Moto wa thinner sathira madzi, chifukwa thinner amayandama pamwamba pa madziwo n'kufalikira nyumba yonse ali chiyakire. Ngati ndi waung'ono, ufotsereni ndi mchenga. Ukakula, tulutsani ana ndi okalamba, ndipo wina asabwererenso kukatenga katundu. Munthu amene zovala zake zagwira moto asathamange, koma agone pansi n'kugubuduka, ena amufunditse bulangete. Pamene papsapo thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapakapo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira m'kamwa, osaboola matuza, kenako muthamangire naye ku chipatala cha boma cha Salima kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi.