Mmene mungasankhire malo achipembedzo othandiza m'bale wanu kusiya mowa kapena nyaope kuno ku Joni

Achimwene kapena amuna anu akavomera kuti mowa, nyaope (mankhwala ozunguza bongo osuta okhala ndi heroin) kapena tik (mankhwala ozunguza bongo otchedwanso crystal meth) zawagonjetsa, musathamangire kuwapereka kumalo oyamba amene munthu wakuuzani kutchalitchi. Choyamba pemphani kuti akuonetseni satifiketi ya malowo. Lamulo la dziko lino la Prevention of and Treatment for Substance Abuse Act la mu 2008 limafuna kuti malo onse osunga ndi kuthandiza anthu otere akhale olembetsedwa ku Department of Social Development, nthambi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo kukhala kwa abusa kapena shehe pamalopo sikuchotsa lamuloli. Akayamba kuzemba funsoli, bwererani.

Chachiwiri, chomwe ine ndimachiona kukhala chachikulu kuposa zonse, ndi masiku oyambirira. Munthu amene wamwa mowa kwambiri kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi, pakangopita masiku awiri kapena atatu amatha kunjenjemera mpaka kutaya kapu ya tiyi, kuona zinthu zomwe palibe, kapena kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amamwalira. Pemphero ndi lofunika, koma munthu ameneyu amafunikanso namwino ndi dokotala. Ngati malowo alibe anthu amenewa, yambirani kukiliniki ya boma kapena ku SANCA, bungwe lothandiza anthu amene ali ndi vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kuti amuunike ndi kumutsogolera kumene thupi lake lingachotsedwe poizoni bwinobwino. Muwauzenso eni malo ngati m'bale wanuyo amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, ndipo musalole kuti awasiye chifukwa cha kusala kudya.

Pitani mukaone nokha musanalipire. Lowani m'chipinda chogona, muwerenge mabedi, muone ngati loko ali kunja kwa chitseko, mufunsenso amuna amene ali kumeneko zomwe adya dzulo. Unyolo, chikwapu ndi kuletsa abale kuona wodwala si machiritso. Funsani mtengo wonse wa pamwezi, nthawi imene adzakhaleko, ndi mapepala amene amafuna kwa munthu wochokera kunja kwa dziko lino, ndipo zonsezi akulembereni.

Potuluka, asabwerere kuchipinda chomwe ankasutiramo ndi anzake ku Hillbrow kapena Rosettenville. Mumupezere misonkhano ya Alcoholics Anonymous kapena Narcotics Anonymous, magulu amene anthu osiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo amalimbikitsana, ndipo mumuchenjeze kuti thupi litapuma miyezi ingapo, mlingo wa nyaope umene ankasuta kale ukhoza kumupha.