Momwe mungayambire kulandira testosterone ngati ndinu mwamuna wa transgender

Malangizowa ndi a munthu wamkulu amene anabadwa ndi thupi lachikazi koma amadzidziwa kuti ndi mwamuna, ndipo watsimikiza mtima zoyamba kulandira testosterone, amene ndi mahomoni achimuna. Zambiri tatengera momwe zimayendera ku South Africa, kumene kuli abale athu ochuluka ndipo chithandizochi chimaperekedwa poyera. Bungwe la Southern African HIV Clinicians Society linatulutsa ndondomeko ya chithandizochi mu 2021, ndipo madokotala akumeneko amaigwiritsa ntchito.

Yambani ndi kupeza dokotala. Chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town ndi cha Steve Biko Academic ku Pretoria chimathandiza anthu a transgender, koma pamafunika kalata yochokera kukiliniki ndipo mzere umatalika. Dokotala wa chipatala cholipira amene anaphunzira ntchitoyi angathe kukulemberani mankhwala mutakambirana ubwino ndi kuipa kwake, inu n'kusaina kuti mwamvetsa. Bungwe la Gender DynamiX la ku Cape Town lingakulozereni kopita. Testosterone wogulitsidwa mobisa kumalo onyamulirako zitsulo musamukhudze. Mlingo wolembedwa pabotolo sudalirika, ndipo palibe amene adzayeze magazi anu.

Musanabayitse jakisoni woyamba, pimitsani. Dokotala ayeze BP, sikelo, shuga, mafuta a m'magazi, chiwindi ndi haematocrit, kutanthauza gawo la magazi limene ndi maselo ofiira. Ngati mumagonana ndi munthu amene angakupatseni mimba, ayezenso mimba, chifukwa testosterone amawononga mwana wosabadwa. Woyembekezera, woyamwitsa, wodwala khansa ya m'mawere kapena amene mtima ukumuvuta panopa sayamba. Nenani mankhwala onse amene mukumwa. Ma ARV a TLD ndi PrEP, mankhwala opewera HIV, amayenda bwinobwino ndi testosterone, choncho musasiye. Warfarin, amene amateteza magazi kuundana, komanso mankhwala a shuga angafunike kusintha mlingo.

Nkhani ya ana muikambe tsopano. Ena amaberekabe akasiya mahomoni, koma palibe dokotala angakulonjezeni zimenezo. Ngati mukufuna kusungitsa mazira, ndi bwino kutero musanayambe.

Mankhwala ofala alipo a mitundu itatu. Depo-Testosterone, amene ndi testosterone cypionate, ku South Africa amabwera ndi 100 mg pa 1 ml. Ambiri amayamba ndi 50 mg pa sabata, kutanthauza 0.5 ml, ena amayambira pansi pa apo, ndipo kawirikawiri sapitirira 100 mg pa sabata. Chenjerani kufamase: kwathu tikati "depo" aliyense amamva jakisoni wakulera, Depo-Provera, choncho werengani botolo musanachoke pawindo. Nebido ndi 1,000 mg mu 4 ml. Jakisoni wachiwiri wa Nebido amabayidwa pakatha masabata 6, kenako pa masabata 10 mpaka 14 aliwonse. Ameneyu abaye ndi namwino, m'thako, pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri, chifukwa mafuta ake akalowa mumtsempha munthu amatsokomola mwadzidzidzi n'kubanika. Mtundu wachitatu ndi gel wopaka tsiku lililonse pamapewa ndi kumtunda kwa mikono, nthawi zambiri 50 mg. Mukapaka sambani m'manja, dikirani aume, valani malaya. Mwana wobereka kumsana kapena wokondedwa wanu akamakhudza khungu lopakidwalo, mankhwala amalowa mwa iye.

Ngati mudzibaya nokha cypionate, ulendo woyamba namwino akuonetseni ndi manja. Mankhwalawa ndi amafuta, olemera, ndiye fumbatani botolo kwa mphindi zingapo kuti afewe. Musaike mufiriji. Akazizidwa amapanga timibulu tooneka ngati shuga pansi pa botolo, ndipo timasungunuka botolo likafunda. Pukutani chivindikiro cha rabala ndi spirit. Kokani mankhwala ndi singano yaikulu ya 18G kapena 21G, kenako ichotseni n'kuika ina yobayira, popeza yoyamba ija yabuntha pa rabala. Yobaya mumnofu ndi 23G, pakati pa ntchafu chakunja, yolunjika osapendeketsa. Yobaya pansi pa khungu ndi 25G yaifupi: tsinani khungu la pamimba, masentimita 5 kuchoka pa mchombo. Kankhani modekha. Sabata ino kumanja, yamawa kumanzere, chifukwa kubaya pamodzimodzi kumasiya chotupa cholimba. Kuwawa kwa masiku awiri n'kwachibadwa, koma pakafiira, kutentha, kutuluka mafinya kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala. Singano ndi ya ulendo umodzi, ya munthu mmodzi.

Kusintha kumabwera mosiyana malinga ndi mtundu wa kwanu. M'miyezi yoyambirira khungu limachita mafuta, ziphuphu zimatuluka kumaso ndi kumsana, thukuta limasintha fungo, njala ndi chilakolako chogonana zimakwera. Kachiwalo ka kumaliseche kamene achipatala amati clitoris kamakula ndipo poyamba kamanyerenyetsa kakakhudzana ndi chovala. Msambo umasiya pasanathe miyezi 6 kwa ambiri. Mawu amayamba kusweka pakati pa miyezi 3 ndi 12. Ndevu ndiye zimachedwa, zingatenge zaka 4 kapena 5 kuti zidzaze, ndipo ngati amalume ndi achimwene anu ali ndi tindevu tapachibwano pokha, inunso musayembekezere zambiri. Mawu, ndevu, kukula kwa clitoris ndi dazi sizibwerera ngakhale mutasiya mankhwala. Mawere satha ndi testosterone, ndipo msinkhu suwonjezeka.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: ndevu zikachedwa amawonjezera mlingo okha. Testosterone akachuluka, thupi limasandutsa wotsalayo kukhala oestrogen, mahomoni achikazi, moti msambo ungabwerere. Choopsa kwambiri n'chakuti maselo ofiira amachuluka, magazi amalemera, ndipo mpata woti aundane kapena mudwale sitiroko umakula. N'chifukwa chake timaumirira zoyezetsa magazi miyezi itatu iliyonse chaka choyamba, kenako kamodzi kapena kawiri pachaka. Mulingo wa testosterone m'magazi umene madokotala amafuna ndi pafupifupi 14 mpaka 24 nmol/L. Tsiku lotengetsa magazi ndi lofunika: wa cypionate atengetse pakatikati pa majakisoni awiri, wa Nebido atengetse wotsatira atatsala pang'ono kubayidwa. Mukayezetsa mawa lake mutabaya, nambala imakwera monamiza ndipo dokotala angakuchepetsereni mlingo popanda chifukwa. Haematocrit ikadutsa 50% amayamba kuiyang'anitsitsa, ikafika cha m'ma 54% amachepetsa kapena kuimitsa kaye mankhwala. Fodya amaikweza, ndiye kusiya kusuta ndi gawo la chithandizochi. Mwendo umodzi ukatupa, pamtima pakawawa, mpweya ukavuta kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kusiya msambo sikutanthauza kuti simungatenge mimba. Testosterone si njira yakulera. Lupu, kachubu ka pamkono ndi jakisoni wakulera zonse zimagwirizana naye, ndipo kondomu imatetezanso ku matenda. Ngati chiberekero chilipo, pitirizani kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, n'kumuuza woyezayo kuti muli pa testosterone. Njira ya abambo ikauma n'kumawawa, pali kirimu wa oestrogen wopaka pomwepo amene sabweza kusintha kwa thupi lonse. Magazi akayambiranso kutuluka patapita miyezi atasiya, kapimitseni.

Ena amamva kutopa ndi kukwiya msanga jakisoni akamatha mphamvu, makamaka obaya pa masabata awiri. Kugawa mlingo womwewo pawiri n'kumabaya sabata iliyonse kumathandiza, koma kambiranani ndi dokotala kaye. Maganizo akalemera mpaka kulakalaka kudzipweteka, uzani munthu lero lomwe.

Depo-Testosterone amasowa m'mafamase nthawi zina, ndiye kagulenitu botolo lisanathe ndipo funsani dokotala mtundu umene mungasinthire. Mukaphonya tsiku, bayani mlingo wanu wamasiku onse mukakumbukira, osaphatikiza awiri. Popita kumudzi patchuthi, tengani okwanira ulendo wonse m'bokosi lake lokhala ndi dzina lanu, pamodzi ndi kalata ya dokotala yoonetsa pamalire.