Seva yanu inene kamodzi kokha pomwe uthenga ukuthera

Browser ikalandira yankho kuchokera ku seva yanu, imafunika kudziwa pomwe uthengawo ukuthera. Mu HTTP/1.1, imodzi mwa njira zomwe browser ndi seva zimalankhulirana, mayankho angapo amadutsa motsatizana pa kulumikizana kumodzi, ndiye malire akasokonekera, mchira wa yankho loyamba umawerengedwa ngati mutu wa lachiwiri.

Ngati kukula kwa uthenga mukukudziwa musanatumize, ikani Content-Length, header (mzere wa kumutu kwa uthenga) yomwe imanena kukula kwa thupi la uthengawo. Koma chonde werengani mabayiti, osati zilembo. Mu UTF-8, njira yosungira zilembo m'mabayiti, chilembo ŵ chimatenga mabayiti awiri. Mukachiwerenga ngati imodzi, uthenga ufika woduka. Mukaupanikiza ndi gzip kuti uchepe, lembani kukula kwake utapanikizidwa kale.

Nanga ngati tsamba likupangidwa uku likutumizidwa? Apa mpomwe pamalowa Transfer-Encoding: chunked. Uthenga umapita m'zidutswa. Chidutswa chilichonse chimayamba ndi kukula kwake, kenako CRLF (mabayiti awiri otsekera mzere), kenako mabayitiwo, n'kutsekanso ndi CRLF. Ambiri amaphonya pa nambala ija, chifukwa imalembedwa mu hexadecimal (kuwerenga kwa ma 16, osati ma 10): chidutswa cha mabayiti 26 chimalembedwa 1A. Mukalemba 26, wolandira adikira mabayiti 38. Pomaliza tumizani chidutswa cha 0 ndi mzere wopanda kanthu. Mukachiiwala, browser imangodikirabe mpaka nthawi itaithera, inu n'kumaimba mlandu netiweki yosalakwa.

Musatumize Content-Length ndi Transfer-Encoding mu uthenga umodzi. RFC 9112, yomwe ndi chikalata cha malamulo a HTTP/1.1, ikuletsa zimenezi poyera, ndipo ikuti wolandira akapeza zonse ziwiri atsate Transfer-Encoding. Ine ndimalimbikira pamenepa chifukwa si nkhani yaukhondo chabe. Proxy (makina oima pakati pa browser ndi seva) ikatsata chimodzi, seva ya kumbuyo n'kutsata chinacho, akuba amapeza mpata wozembetsa pempho lawo mkati mwa pempho lina. Chinyengo chimenechi chimatchedwa request smuggling.

Onaninso chikalata chomwe mukuwerenga. Ambiri adakakamirabe RFC 2616 ya mu 1999, chonsecho idalowedwa m'malo mu 2014, ndipo kuyambira mu 2022 zogwira ntchito ndi RFC 9110 ndi RFC 9112. Powerenga, mawu a zilembo zazikulu musawadumphe. Malinga ndi RFC 2119, MUST ndi lamulo losakambirana, SHOULD mungaipatuke pokhapokha muli ndi chifukwa chomveka ndipo mwaganizira zotsatira zake, pomwe MAY ndi kufuna kwanu. Koma dziwani kuti chomwe kwa wotumiza ndi MAY, wolandira ayenera kukhala wokonzeka kukumana nacho.

Malo ena Transfer-Encoding siloledwa n'komwe: pa yankho la 204 (lonena kuti zatheka koma palibe thupi), pa mayankho a 1xx (ongodziwitsa, yankho lenileni lisanafike), ndiponso poyankha pempho la HTTP/1.0. Mu HTTP/2 chunked mulibe, poti mafelemu ake (timagawo tomwe uthenga umayendamo) amasonyeza okha malire. Yankho la pempho la HEAD (lofuna ma header okha) ndi la 304 (lonena kuti tsamba silinasinthe) likhoza kutchula Transfer-Encoding, koma lisanyamule thupi.

Musasokonezenso Transfer-Encoding ndi Content-Encoding. Content-Encoding imafotokoza katundu weniweniyo ndipo imayenda naye mpaka kwa mwini wake. Transfer-Encoding ndi ya ulendo umodzi pakati pa makina awiri oyandikana, moti proxy ikhoza kuichotsa kapena kuisintha panjira.

Musanatsegulire anthu seva, iyeseni ndi pulogalamu ya curl polemba curl -i --raw --http1.1 kuti muone zidutswazo mmene zikutulukira. Yesani kawiri: molunjika ku seva, kenako kudzera pa proxy, ndipo mufananize ma header a mbali zonse ziwiri.