Mukakaona ndende yakale, musathamangire ku maselo

Mukapezeka m'katauni kena ku America komwe ndende yakale anaisandutsa myuziyamu, chonde musangolowa n'kuthamangira kukajambulitsa kuseri kwa zitsulo ayi. Yambirani panja, muizungulire kaye.

Kumaso mudabwa, zambiri zimaoneka ngati nyumba ya munthu basi, khonde, mawindo aakulu, mpaka chumuni. Ndi nyumbadi, sheriff, mkulu wa apolisi wa deralo, ankakhala momwemo ndi banja lake ndipo nthawi zambiri mkazi wake ndi amene ankaphikira akaidi. Kenako pitani kumbuyo muone mmene mawindo achepera, khoma lachindikala, zitsulo paliponse. Pokumanira mbali ziwirizi mpamene ine ndimachedwapo, funani chitseko chachitsulo kapena kabowo kodutsitsirapo mbale kuchokera kukhitchini, uku ana akudya ndi makolo awo, kuseri kwa khoma lomwelo munthu akuwerenga masiku.

Kukongola kwa panja kusakupusitseni. Ya ku St. Augustine, Florida, inamangidwa mu 1891 ndi ndalama za Henry Flagler, mkuluyu sankafuna ndende pafupi ndi hotela yake ya Ponce de Leon ndiye anaimanga patali n'kuikongoletsa kuti alendo asadziwe ndi chani. Koma mkatimo anthu anatsekeredwa mpaka 1953.

Mukalowa yang'anani pa zitseko ndi pa maloko ngati pali dzina la kampani, maselo ambiri ankachita kuoda, ngati kwa Pauly Jail Building Company ya ku St. Louis, n'kudzangowalumikiza pamalopo.

Mukafika ku Crawfordsville, Indiana, kuli ya 1882, funsani nthawi imene amaizungulitsa. Eee, imazungulira! Maselo anawagawa ngati mapisi a keke, khomo ndi limodzi pa nsanjika iliyonse, mlonda ankapukusa chogwirira mpaka selo imene akuifuna ifike pakhomopo. Nzeru ndithu, koma mkaidi akatulutsa mkono pa zitsulo nthawi yolakwika unkaphwanyika, nanga moto utabuka mungawatulutse bwanji onsewo kamodzi?

Musanatuluke yatsani tochi ya foni muunike khoma chammbali osati molunjika, mayina ndi timizere towerengera masiku timene akaidi ankakanda timaoneka bwino choncho. Musagwire, pulasitala wakale sachedwa kuyoyoka, ndipo dzina lanu musaonjezerepo.