Akakutumbulani chithupsa, bala musalitseke msanga

Mlamu wanga anamutumbula chithupsa cha m'khwapa mwezi watha, ndipo ine ndi amene ndinkamutsuka kunyumba ku Area 25. Anamusiyira dzenje lotseguka, momwemo munalowa kansalu ka gozi. Iye ankadandaula kuti bwanji sanamusoke. Bala lotere amalisiya dala, kuti mafinya otsala azituluka ndipo mnofu umere kuchokera pansi. Likatsekeka pamwamba mkati mudakali mafinya, chithupsa chija chimabwereranso.

Potsuka, wiritsani lita imodzi ya madzi, thiranimo masupuni aang'ono awiri a mchere osadzadza kwambiri, muwasiye azizire atavundikira. Sambani m'manja ndi sopo musanakhudze ndiponso mukamaliza. Gozi akamatirira musamukoke ngati mukuzula chinangwa, nyowetsani kaye ndi madzi amchere aja, amachoka yekha. Thonje lokha ayi, limasiya tiulusi m'bala. Mangani bandeji yatsopano tsiku lililonse, kapena ikangonyowa. Fumbi la mu Lilongwe mu Seputembala mukulidziwa, ndiye pokwera minibasi bala likhale lophimba.

Zomwaza ufa wa kapisozi, phulusa kapena mankhwala otsukira mano pabala, chonde lekani. Ngati anakupatsani maantibayotiki, imwani onse ngakhale ululu utatha.

Thupi likatentha, kutupa kukamafalikira, mafinya akachuluka n'kuyamba kununkha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Odwala shuga asachedwe n'komwe, mabala awo amapola movutikira. Mufunsenso za jakisoni wa kafumbata.